Tisanafunse za Liwiro, Tiyambe Tafunsa za Thumba

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri intaneti idasiya kale kukhala chinthu chongochezerapo pa Facebook. Sukulu zambiri zomwe si zaboma zayamba kusunga mayina a ophunzira, malikisi awo ndi kaundula wa fizi pa kompyuta. Tizipatala ta anthu wamba, magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, mipingo ngakhalenso mashopu osindikiza makadi aukwati, onsewa akufuna kukhala ndi tsamba lawo pa intaneti ndiponso imelo yokhala ndi dzina lawolawo. Tsiku limafika loti mwini sukulu kapena komiti ya gulu ikhale pansi ndi munthu wogulitsa intaneti. Mafunso omwe amafunsidwa pamenepo ndi awiri basi: ndi ndalama zingati pamwezi, nanga imathamanga bwanji? Maganizo anga ndi akuti pali funso lachitatu lomwe liyenera kukhala patsogolo pa awiriwa. Kodi kampani imeneyi ili ndi mpamba woti zaka zitatu zikubwerazi tidzaipeza ikadali pantchito?

Kwa amene sadazolowere nkhanizi, ndi bwino tiyambe tamvana pa mawu. Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala m'kompyuta ina yake yomwe imayaka usana ndi usiku. Kompyuta yotere amaitcha seva, ndipo ntchito yoisunga ndi kuilumikiza ku dziko lonse ndi imene akatswiri amati hosting. Bungwe likhoza kuchita lendi malo m'seva ya kampani ina, monga momwe munthu amachitira lendi chipinda kwa alandilodi, kapena likhoza kugula seva yakeyake n'kuiika muofesi, kenaka n'kulipira kampani yoti ikokere chingwe kapena kuika kambale padenga. Panjira zonse ziwirizi, pakati pa seva ndi kholo lomwe likufuna kuona malikisi a mwana wake pafoni pamakhala kampani ya netiweki. Kampaniyo ikagona, tsamba la sukulu nalo lagona, ngakhale seva ili yamoyo.

Wina atha kunena kuti palibe chodetsa nkhawa, popeza kampani ikakanika timangopita kwina ngati momwe timasinthira simukhadi pafoni. Ayi ndithu, zinthu ziwirizi n'zosiyana. Simukhadi timagula m'mawa, masana tayamba kale kuimba. Seva ili ndi adiresi yake ya manambala, yomwe nthawi zambiri imakhala yobwereka kwa kampani yomwe idailumikiza. Kuchoka kumatanthauza kubweza adiresiyo, kulandira ina, kusintha makonzedwe onse, kudikira amisiri a kampani yatsopano kuti adzaone ngati dera lanu n'lofikirika, ndiponso kulipiranso ndalama zolumikizira. Aliyense wodziwa Bangwe kapena Ndirande akudziwa kuti nyumba zina zili kuseri kwa phiri, zina m'chigwa, ndipo si kampani iliyonse ingathe kufikitsako chingwe kapena mafunde ake. Ntchito yotere imatha masabata. Ikagwa m'nyengo yolembetsa mayeso a MANEB, kapena kumapeto kwa mwezi pomwe mamembala akubweza ngongole, masabata amenewo amawawa.

Chomwe chimachititsa kuti funso la thumba likhale lolemera kuno kwathu ndi kagulidwe ka intanetiyo. Malawi alibe nyanja yamchere. Nthambo zikuluzikulu zomwe zimanyamula intaneti ya chigawo chino, monga SEACOM yomwe idayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zidayalidwa pansi pa nyanja ya Indian Ocean ndipo zimatulukira kumtunda m'malo monga Dar es Salaam ndi Maputo. Kuti intaneti ifike ku Zingwangwa iyenera kudutsa m'nthambo za eni ake ku Tanzania, Mozambique kapena Zambia, n'kulowera m'zipata monga Songwe, Mwanza ndi Mchinji, ndipo mwini aliyense m'njiramo amafuna malipiro ake m'madola. Zipangizo nazo, kuyambira nthambo za fayiba, mabatire mpaka tizitsulo ta pansanja, n'zoitanitsa kunja. Kampani ya intaneti ya m'Malawi tsono imagula m'madola koma imagulitsa m'makwacha.

Tonse tikudziwa zomwe kwacha yakhala ikuchita. Idatsitsidwa mphamvu mu May 2012, kenaka ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa ulendo wa mu 2023, dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tiwerengere limodzi. Kampani yomwe inkalipira $1,000 pamwezi kwa oigulitsa intaneti kunja idagona ili ndi bilu ya K1,180,000 n'kudzuka ili ndi ya K1,700,000, pamene makasitomala ake adali omwewo, olipira mtengo womwewo wa dzulo. Yomwe idali ndi ngongole ya madola idapeza ngongoleyo itafufuma usiku umodzi popanda kubwereka ngakhale tambala ina. Ndipo apa tikunena za mtengo wa kubanki, komwe madolawo nthawi zambiri sapezeka. Wofuna kulipira msanga amakakamizika kuwasaka kwina pamtengo wokwera kwambiri.

Mphepo imeneyi idagwedeza ndi mitengo ikuluikulu yomwe. Airtel Malawi ndi TNM, makampani awiri okhala ndi makasitomala mamiliyoni, onse adalengeza kuti m'chaka cha 2023 adaluza ndalama, ndipo kugwa kwa kwacha kudali m'gulu la zifukwa zake. Awiriwa adadzukanso mu 2024 n'kupanga phindu, chifukwa makasitomala ali nawo ambiri, mabanki amawakhulupirira, ndipo kumbuyo kwawo kuli eni ampondamatiki, Airtel Africa mbali iyi, Press Corporation mbali inayo. Ngati akuluakuluwa adadzandira chotere, nanga kakampani ka anthu khumi komwe kamapikula intaneti kwa ena n'kumagulitsa kwa ife kadapulumuka bwanji? Ena adapulumuka, ndipo ndi oyenera ulemu. Koma wogula ayenera kudziwa ngati amene akukambirana nayeyo adapulumuka zenizeni, kapena akungokankha masiku ndi ngongole.

Mbiri ya matelefoni m'dziko muno imationetsanso kuti chiphaso si mpamba. MACRA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, lidapereka chiphaso cha kampani yachitatu ya mafoni am'manja kwa Malawi Mobile Limited mu 2002. Kampaniyo siidaimike netiweki, chiphaso chidalandidwa mu 2005, ndipo chotsatira chake idali milandu yomwe idatenga zaka zambiri m'makhoti. Pambuyo pake padabwera G-Mobile, kenaka Celcom mu 2011. Onsewa adali ndi mapepala oyenera, koma palibe mwa iwo adafika potumikira anthu monga adalonjezera. Kumanga netiweki kumadya ndalama zankhaninkhani kwa zaka zingapo phindu lisadaoneke. Choncho wogulitsa akatulutsa chiphaso cha MACRA tichione ndithu, popeza wopanda chiphaso ndi wosayenera ngakhale kumpatsa mpando, koma tidziwe kuti pepalalo likungotiuza kuti boma lidamulola kugwira ntchito.

Dzina nalo limanyenga. Ku Zambia kudali kampani yogulitsa intaneti yotchedwa Vodafone Zambia. Munthu akamva dzinalo ankaganiza za chimphona cha ku Britain, chonsecho eni ake adali gulu lina lotchedwa Afrimax, lomwe lidangogwirizana ndi Vodafone kuti lizigwiritsa ntchito dzinalo. Eni akewo atalephera kuthiramo ndalama zina, bungwe la ZICTA, lomwe ndi mnzake wa MACRA m'dzikolo, lidalanda chiphaso mu 2019, ndipo makasitomala a ku Lusaka ndi ku Copperbelt adayenera kufuna kolowera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Mozambique, komwe ina mwa intaneti yathu imadutsa, makampani aboma a TDM ndi mCel adalemedwa ndi ngongole mpaka boma lidawaphatikiza kukhala Tmcel. Kukhala aboma sikudawateteze.

Kampani ya netiweki imafa m'njira ziwiri. Ina ndi yadzidzidzi. Mu 2002 KPNQwest, yomwe idali ndi imodzi mwa manetiweki aakulu kwambiri a fayiba ku Ulaya, idagwa ndi ngongole kumapeto kwa mwezi wa May. Kwa masabata angapo amisiri ena adapitiriza kuyang'anira makina kuti makasitomala apeze nthawi yosamuka, koma mu July mbali zina zikuluzikulu za netiwekiyo zidazimitsidwa. Imfa yotere imalembedwa patsamba loyamba la nyuzipepala, koma siichitika kawirikawiri.

Yomwe ife tiyenera kuiopa ndi inayo, ya kunyentchera. Anthu a mu Blantyre tidaiona ndi maso athu pa PTC. Sitolo za People's sizidafe tsiku limodzi. Mashelefu adayamba kuyera pang'onopang'ono, katundu lero alipo mawa palibe, mpaka mu 2022 zitseko zidatsekedwa, ogwira ntchito ndi operekera katundu n'kutsala akulondola ndalama zawo. Kampani ya intaneti imanyentchera chimodzimodzi, kungoti mashelefu ake ife sitiwaona. Ndalama zikayamba kuvuta, choyamba kudulidwa ndi chomwe kasitomala saona. Mabatire a pansanja sasinthidwa, dizilo wa jenereta amagulidwa theka, njira yachiwiri yopita kunja imaimitsidwa kuti bilu ichepe, ndipo makasitomala ochuluka amapanikizidwa pa chingwe chomwe chidali cha ochepa. Amisiri odziwa ntchito akalandira mochedwa miyezi iwiri amapita kwina. Wogula amangodabwa kuti magetsi akazima intaneti nayo imazima, ndi kuti vuto lomwe kale linkakonzedwa tsiku lomwelo tsopano limagona masiku anayi. Akaimba foni kudandaula amauzidwa kuti akatswiri ali mkati mokonza. Bilu yokha ndiyo imabwera pa tsiku lake.

Dera lathu linonso silipereka mpata kwa kampani yofooka. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yoposa chaka, ndipo nsanja zidadalira majenereta m'nyengo yomwenso mafuta ankasowa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri n'kukokolola nyumba, misewu ndi mapolo ku Chilobwe, Manja ndi madera ena a mzinda uno. Pamasiku ngati amenewo, kampani yokhala ndi nthambo zapadera m'nkhokwe, galimoto zamafuta ndi ndalama zolipirira amisiri ogwira usiku ndiyo imabwerera msanga. Palinso akuba. MTL, yomwe idabadwa mu 2000 pamene MPTC idagawidwa pawiri, ndipo gawo lake lalikulu lidagulitsidwa mu 2006 kwa gulu lotsogozedwa ndi Press Corporation, idadandaula kwa zaka zambiri za kubedwa kwa nthambo zake za kopa. Mita iliyonse yobedwa imafuna ndalama yoibwezeretsa, pamene makasitomala ambiri adali atasamukira kale ku mafoni am'manja. Kampani iliyonse ikakhala pakati pa mavuto awiri otere, pamafika poti kukonza chingwe cha dera lina kumadya ndalama zambiri kuposa zomwe deralo limabweretsa.

Tsono munthu wamba angadziwe bwanji za thumba la kampani? Pa makampani ena ntchitoyi n'njapafupi kuposa momwe timaganizira. TNM idalowa pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2008, Airtel Malawi mu 2020, ndipo malamulo a msikawo amawakakamiza kusindikiza momwe chuma chawo chayendera. Masamba amenewa amatuluka mu The Nation ndi The Daily Times, koma ambirife timawadumpha pothamangira zampira, mawa lake n'kukulungira mandasi. Sipafunika digiri kuti munthu aone ngati kampani yapanga phindu kapena yaluza, ndiponso kwa zaka zingati zotsatizana. Kenaka ayerekeze ngongole zomwe kampaniyo iyenera kubweza m'miyezi 12 ndi ndalama zomwe ili nazo m'manja, n'kuonanso kuti mwa ngongolezo ndi zingati zili m'ndalama zakunja. Palinso ndime yomwe owerengera chuma oima paokha amalemba akakayika ngati kampani ingathe kupitirira chaka china, yomwe pachingerezi amati going concern. Ndime imeneyo ikapezeka, ngakhale italembedwa mwaulemu chotani, ndi chenjezo.

Apa ife ophunzira zilankhulo tili ndi gawo lathu. Malipoti amenewa amatuluka m'Chingerezi, Chingerezi chakenso cha akatswiri a zachuma, pamene mauthenga otsatsa mabandulo amabwera m'Chichewa chomveka bwino mpaka ndi nthabwala zomwe. Kampani ikafuna ndalama zathu imadziwa chilankhulo chathu. Sindikuona chomwe chingalepheretse kuti chidule cha lipoti la pachaka chizilembedwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, tsamba limodzi lokha, kuti msungichuma wa gulu la ku Ndirande aziwerenga yekha.

Makampani ang'onoang'ono sasindikiza zotere, ndipo apa m'pamene manyazi athu amatipweteka. Mwachikhalidwe chathu kufunsa munthu za m'thumba mwake n'kupanda ulemu. Koma mbewa yamanyazi idafera kuuna. Iwo akamatilembetsa amafuna chiphaso chaunzika, adiresi ndi ndalama zoyambira. Ifenso tili ndi ufulu wofuna kuona satifiketi yosonyeza kuti kampani idalembetsedwa, chikalata cha MRA chosonyeza kuti ilibe mangawa a msonkho, ndi mayina a mabungwe awiri kapena atatu omwe akhala nayo zaka zoposa ziwiri. Funso lomwe ndimalikonda kwambiri ndi ili: "Kodi achimwene, intaneti mukutigulitsayi inuyo mumaitenga kwa yani, nanga iwowo akakudulani mumalowera kuti?" Wogulitsa wolongosoka amayankha mosavuta, amatchula kuti ndi Open Connect Limited, ESCOM, SimbaNET kapena wina. Wozembazemba pa funsoli ndiye kuti mwina sakudziwa, mwina pali bilu yomwe sakufuna kuti muimve. Ndi bwinonso kupita kuofesi kwawo tsiku lomwe magetsi azima kukamva ngati jenereta ikulira, ndi kucheza ndi mmisiri wobwera kudzaika zipangizo. Mmisiri akayamba kupempha ya kabaza yobwererera, kapena akakhala wachitatu kubwera m'miyezi isanu ndi umodzi chifukwa anzake adasiya ntchito, wanena zambiri kuposa lipoti lililonse.

Mtengo wotsika kwambiri uyeneranso kutidabwitsa. Makampani onse amagula intaneti m'misika yofanana, amalipira msonkho womwewo ndi dizilo yemweyo. Wina akamagulitsa pa theka la mtengo wa anzake, mwina ali ndi nzeru yomwe anzakewo alibe, koma kawirikawiri ndiye kuti akusaka ndalama zamsangamsanga zobwezera ngongole ina. Choopsa kwambiri ndi chija amati lipirani chaka chonse, tikuchotserani miyezi itatu. Kulipiriratu chaka ndi kubwereketsa kampaniyo ndalama popanda chikole. Ikagwa, katundu wake amagulitsidwa, ndipo mabanki okhala ndi chikole pamodzi ndi ogwira ntchito amayamba kulandira. Sukulu ya ku Machinjiri yomwe idalipiriratu imaima kumapeto kwa mzere, komwe nthawi zambiri munthu amapeza mphika utapalidwa kale. Amayi a banki mkhonde amaidziwa bwino mfundoyi. Sabwereketsa munthu ndalama chifukwa choti wavala bwino. Amayamba afunsa geni yake, ngongole zomwe ali nazo kwina ndi momwe adabwezera ulendo watha. N'zodabwitsa kuti komiti ya anthu ophunzira imapereka mamiliyoni kwa kampani popanda kufunsa ndi limodzi lomwe mwa mafunso amenewa.

Pali zotsutsa maganizo angawa, ndipo zina n'zolemera. Aliyense akathawira kwa akuluakulu, msika udzatsala m'manja mwa makampani awiri, ndipo tikudziwa zomwe zimachitika mpikisano ukachepa. Mu 2020 Amalawi adachita kudandaula mokweza za kukwera mtengo kwa intaneti ya pafoni mpaka MACRA idalowererapo. Kakampani ka achinyamata omwe adaphunzira ku MUBAS kapena ku Beehive ku Chilomoni kamayankha foni msanga, kamadziwa njira zonse za m'Goliyo, ndipo ndalama zake zimazungulira momwe muno. Kodi tikaphe ndi mantha athu? Yankho langa n'lakuti muyeso womwe ndikunenawu si wa kukula. Pali makampani aang'ono opanda ngongole, omwe eni ake amadziletsa, ndipo pali aakulu omwe adamira. Wamng'ono woyankha mafunso mosabisa ndi woyenera kumukhulupirira, ndipo njira yomuthandizira ndi kumulipira mwezi ndi mwezi mosachedwa. Kunena zoona, ena mwa makampaniwa amagwa chifukwa cha ife makasitomala, makamaka maofesi omwe amatha theka la chaka asadalipire koma n'kumakhala oyamba kukalipa intaneti ikasowa ola limodzi.

Ena amati netiweki siifa, imangosintha mwini. Celtel, yomwe idabwera mu 1999, idasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, ndipo mafoni athu adapitiriza kulira. Ntchito ya intaneti ya Burco idagulidwa ndi TNM, makasitomala ake n'kupitiriza. Zoonadi, netiweki yokhala ndi makasitomala ambiri ndi nthambo zakezake siisowa wogula. Koma kakampani kongopikula za ena kalibe chogulitsa kupatula mipando ndi mayina a makasitomala, ndipo kotereka kamangotseka chitseko n'kuzimitsa foni. Mwa mitundu iwiriyi, womwe umakonda kugogoda pazipata za m'madera mwathu muno ndi wachiwiriwu.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse n'chakuti mabuku a chuma amanama. WorldCom ya ku America, yomwe kudzera mu UUNET inkanyamula gawo lalikulu la intaneti ya dziko lapansi, idaonetsa phindu labodza mpaka chinyengo chidaululika, ndipo idagwa mu July 2002. Atamaliza kuwerengera adapeza kuti chinyengocho chidafika pafupifupi $11 biliyoni. Mabuku akewo adali atavomerezedwa ndi owerengera chuma otchuka a Arthur Andersen, ndipo mkulu wa kampaniyo, Bernard Ebbers, adagamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Ngati akatswiri a ku New York adapusitsidwa, mlembi wa sukulu ku Namiyango angatani? Palibe kafukufuku yemwe angatitsimikizire zamawa. N'chifukwa chake kufunsa kokha sikukwanira, pamafunikanso kukonzeratu khomo lotulukira.

Khomo limeneli limayamba ndi dzina. Dzina la tsamba, lomwe amati domain, liyenera kulembetsedwa m'dzina la bungwe lenilenilo, ndi imelo komanso foni ya bungwe, osati ya kampani yosunga seva kapena ya mnyamata yemwe adapanga tsambalo. Mayina othera ndi .mw kwa zaka zambiri akhala akusungidwa ndi Malawi SDNP kuno ku Blantyre, ndipo n'zotheka kufufuza kuti dzina lidalembedwa kwa yani. Bungwe lokhala ndi dzina lake m'manja likhoza kuloza dzinalo ku seva ina tsiku lomwelo. Lomwe dzina lake lili m'manja mwa kampani yakufa limataya tsamba, maimelo ndi zonse zomwe lidasindikiza pazikwangwani ndi pamalisiti. Pafunikanso kope la zonse zomwe zili m'seva, lotengedwa sabata iliyonse n'kusungidwa m'nyumba ina, ndipo kamodzikamodzi liziyesedwa ngati likutseguka. Pamgwirizano palembedwe kuti intaneti ikasowa masiku akutiakuti wogula ali ndi ufulu wochoka osalipira chindapusa, palembedwenso kuti zipangizo zapadenga ndi za yani.

Nkhani ya njira yachiwiri ndiyo imavuta kwa anthu a ndalama zochepa. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa intaneti phanga limodzi ndilo limavumbwitsa. Njira yachiwiriyo siiyenera kukhala yodula. Karauta ka simukhadi ya kampani ina n'kokwanira kuti ntchito ya muofesi isaime mpaka zinthu zitakonzeka. Chofunika n'kuonetsetsa kuti njira ziwirizo n'zosiyanadi. Makampani awiri a mayina osiyana akhoza kukhala kuti onse amachita lendi fayiba imodzi, kaya ya Open Connect Limited, yomwe idapatulidwa ku MTL mu 2016, kaya ya ESCOM yoyenda pamapolo a magetsi. Nsanja nazo zili ndi eni ake: mu 2022 nsanja za Airtel m'Malawi zidagulidwa ndi Helios Towers. Kotero thumba lomwe tikulifunsa ndi la wogulitsa pamodzi ndi la amene iye akuwadalira. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zitaduka m'nyanja kufupi ndi South Africa, intaneti idavuta m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi. Kulipira njira zina zotulukira kumaoneka ngati kutaya ndalama pa tsiku labwino, ndipo ndi kampani yokhala ndi mpamba yokha yomwe imapirira kulipira chinthu chomwe sichigwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Kuyambira 2023 padabwera Starlink, ndipo timbale take tayamba kuoneka pamadenga. Ena akuona ngati funso lonseli latha, popeza mwini wake, Elon Musk, ndi mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko. Ngati njira yachiwiri n'njabwino ndithu, chifukwa siidalira nthambo za m'misewu yathu zomwe akuba amadula kapena madzi kukokolola. Komabe ndondomeko yake ya m'nyumba imagawira anthu ambiri adiresi imodzi, zomwe zimavutitsa wofuna kuti seva ya muofesi mwake izipezeka kwa anthu akunja, ndipo mitengo ndi malamulo ake zimagamulidwa kutali komwe komiti ya ku Ndirande ilibe mawu. Kusunga tsamba m'seva za ku Johannesburg kapena ku Ulaya nako kumachotsa nkhawa ina n'kubweretsa ina. Kampani ya kumeneko mwina ili ndi chuma, koma imafuna ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, ndipo khadi la kubanki likakana kulipira chifukwa cha kusowa kwa madola, makina ake amatseka tsamba osafunsa kuti ku Malawi kwagwa zotani. Pamenepo thumba lokayikitsa limakhala lathu lomwe.

Ubwino wosunga seva m'dziko momwe muno ndi wakuti makampani omwe adalumikizana pa Malawi Internet Exchange, yomwe idakhazikitsidwa mu 2008 ku College of Medicine, komwe lero ndi mbali ya KUHeS, amapatsirana uthenga pano pa Blantyre osadzera kunja. Nthambo ya m'nyanja ikaduka, kholo la ku Bangwe likhoza kuonabe tsamba la sukulu ya mwana wake, malinga ngati kampani ya foni yake ndi kampani ya sukuluyo zonse zili pamenepo. Kufunsa wogulitsa ngati adalumikizana pa malowa sikudya ndalama, ndipo yankho lake munthu akhoza kukalitsimikiza kwa makampani anzake omwe ali pomwepo.